Simenti yakwera, nanga miyala yathu ya maziko tiimata ndi chiyani?

Simenti yakweranso mtengo, ndipo aliyense akulira maliro a nyumba yake. Amene khoma linafika pawindo akuti liyambe laima pomwepo, amene anafika palintala akusaka mapepala apulasitiki mvula isanawapeze, ndipo ena ayamba kuyamikira nzeru za makolo amene ankamanga ndi dothi osafunsa mtengo wa dola. Ine nkhawa yanga ndi yaikulu kuposa pamenepa, chifukwa ndikudandaulira ntchito yokhayo imene dziko lino limagwira mosajomba, boma lililonse, chaka chilichonse, yomwe ndi kuika miyala ya maziko. Mwala wa maziko umadya simenti, abale anga. Pamafunika kachipilala kosalala bwino, kachitsulo konyezimira kolembapo dzina la bwana, kansalu koti avundukule, tenti, mipando yobwereka ku tchalitchi ndi amayi ovina. Simenti ikapitiriza kukwera chonchi, tidzadzuka tsiku lina n'kupeza kuti tilibenso poyambira zinthu zimene sitidzamaliza. Ndikulankhula ngati mwini maliro, pakuti m'kaboma kamene ine ndimalamulira, komwe malire ake ndi chipewa kumpoto ndi nsapato kummwera, miyala ya maziko ilipo yambiri kuposa imene nduna iliyonse inaikapo chilandirireni ufulu mu 1964.

Chaka cha boma langali chimayamba pa 1 Januwale, ndipo tsiku limenelo mapulojekiti onse amakhazikitsidwa nthawi imodzi. Pali mwala wa kuthamanga m'mawa kuti mimba iphwe, umene nsapato zake za pakaunjika zili pansi pa bedi ndipo akangaude anatsegulamo ofesi. Pali mwala wowerenga Baibulo lonse, ntchito imene imathamanga mu Genesis, imatsimphina mu Eksodo, kenako kontilakitala amathawa pa Levitiko atangoona malamulo a nsembe ndi a khate. Pali mwala wosiya mowa, womwe mwambo wake umachitika mutu ukugunda ngati chigayo cha dizilo. Palinso mwala wosunga ndalama, mwala wachikulire kuposa yonse, womwe wavundukulidwa kambirimbiri mpaka kansalu kake kanathetheka. Ntchito zikaima sindisowa chonena kwa mtundu. Ndimadzudzula ulamuliro wapitawo, ndiye kuti ine wa chaka chatha, munthu wosakaza amene anandisiyira thumba lobooka. Ndimatchula nkhondo ya ku Ukraine, namondwe Freddy ndi kusowa kwa ndalama zakunja. Za mmene kusowa kwa madola kumaletsera bambo wamkulu kuzungulira bwalo la mpira kawiri, tinazisiya m'manja mwa komiti yofufuza, ndipo lipoti lake likadali kwa osindikiza. Mtsogoleri wa mbali yotsutsa, amene ndi mayi a kunyumba, anasiya kufunsa mafunso m'nyumba ya malamulo, amangotsokomola.

Pa milandu yonseyi woimbidwa amakhala mmodzi. Timati changu chatha, moto wazima, mtima sukufunanso. Ndiye timayamba kusakasaka moto watsopano, kwa mlaliki, kwa odzilemba ntchito yolimbikitsa anthu pa Facebook, kapena m'buku la munthu wa ku America amene akuti amadzuka 4 koloko m'mawa, ngati kuti amayi okazinga mandasi ku Ndirande amadzuka masana. Mfundo yanga, imene ndaifikira patatha zaka zambiri za kulephera kwadongosolo, ndi yakuti motowo ulibe mlandu. Moto wa mumtima ndi mlendo wolemekezeka wa pamwambo: amafika mochedwa, amalankhula bwino, amavundukula kansalu, amadya, n'kukwera galimoto. Sanalonjezepo kuti adzabwera Lachiwiri kudzaponda matope. Kumudikira kuti abwerenso ndiye tiyambe ntchito n'chimodzimodzi kudikira nduna kuti idzapereke njerwa kwa mmisiri. Chimene chimakweza khoma ndi chinthu chosasangalatsa konse, chomwe ndi kantchito kochepa, tsiku lake lodziwika, ndi munthu wina amene adzagogoda pakhomo ukajomba.

Amene akukayika ayang'ane mbiri ya boma lalikulu, limene kaboma kanga kamatengerako nzeru. Pa 23 Okutobala 2010 moto unalipo wokwanira ku Nsanje. Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegulira doko pamtsinje wa Shire, Robert Mugabe ndi Rupiah Banda ali pomwepo kuchitira umboni, koma chombo chonyamula feteleza chimene anthu ankachidikira chinali chitagwidwa ku Mozambique, chifukwa kantchito kosasangalatsa kogwirizana ndi eni madzi a Zambezi kanali kasanathe. Mu 2015 Pulezidenti Peter Mutharika anaika mwala wa maziko wa yunivesite ya Mombera ku Mzimba, ndipo zaka khumi zinadutsa popanda wophunzira kulowa m'kalasi. Mu 1998, m'nthawi ya Bakili Muluzi, tinakhazikitsa Masomphenya a 2020, olonjeza dziko loopa Mulungu, lotsogola pa luso lamakono ndiponso lopeza bwino pachuma. Chaka cha 2020 chitafika tinasuzumira m'nkhokwe, tinatsokomola, n'kukankhira tsikulo ku 2063. Ndipo masomphenya atsopanowo, a Malawi 2063, Pulezidenti Lazarus Chakwera anawakhazikitsa pa 19 Januwale 2021. Mwezi umenewo ndinauzindikira msanga ngati mmene mfiti imazindikirira inzake. Sindikunyoza zolembedwazo, pakuti ndi zabwino, monganso mndandanda wanga wa chaka chino uli wabwino. Ndikungonena kuti pa miyambo yonseyi changu sichinasowepo. Ng'oma zinalira, nthungululu zinamveka, alawansi anasainidwa.

Azungu, amene amakonda kuwerenga ngakhale zinthu zimene agogo athu ankangozidziwa, anaiyesa nkhaniyi. Phillippa Lally ndi anzake a ku University College London anatenga anthu 96, aliyense n'kusankha kachizolowezi kamodzi kakang'ono koti azichita tsiku lililonse pa nthawi yofanana, monga kumwa madzi pa nkhomaliro kapena kuthamanga pang'ono asanadye mgonero. Zotsatira zake, zomwe zinatuluka mu 2009, zinasonyeza kuti munthu wapakatikati zinkamutengera masiku 66 kuti kanthuko kazingochitika kokha osakaganizira, ngakhale kuti ena zinkatheka m'masiku 18 ndipo ena zikanafuna masiku 254. Tiyeni tiwerenge pa kalendala yathu. Masiku 66 kuchokera pa 1 Januwale akutifikitsa sabata yoyamba ya Malichi, titakumbukira kale ofera dziko pa 3 Malichi, pamene boma langa nthawi zambiri limakhala litagwa tisanafike pa tsiku la John Chilembwe, pa 15 Januwale. Masiku 254 ndiye akutifikitsa mu Sepitembala, dzuwa litayamba kuswa mtengo. Palibe moto wa mapesi umene ungayake kuchokera mvula ya Januwale mpaka Sepitembala. Koma chimene chinandisowetsa mtendere m'kafukufukuyu ndi china. Anapeza kuti kujomba tsiku limodzi sikunkagwetsa ntchito yonse. Munthu ankangopitiriza mawa lake. Apa ndi pamene malamulo a dziko langa amasiyana ndi sayansi, chifukwa kwathu kujomba Lachitatu limodzi kumatanthauza kuti pulojekiti yafa, kontilakiti yathetsedwa, ndipo tidikire Januwale wina kuti tidzaike mwala watsopano pambali pa wakalewo.

Komatu sitikusowa kupita ku London kuti tione zimenezi. Pitani pakhonde lililonse m'mudzi kapena m'tauni tsiku la banki m'khonde. Amayi akhala pamphasa, pakati pali bokosi lachitsulo la maloko atatu, makiyi ake ali ndi anthu atatu osiyana, ndipo bokosilo limagona kwa wachinayi. Mlembi watsegula kope lokutidwa ndi pepala la shuga, akuitana mayina. Wochedwa akuponya chindapusa m'mbale asanakhale pansi, ndipo palibe akumufunsa ngati mtima wake unali ndi changu m'mawa uno. Ndalama akuwerengera poyera, mokweza mawu, masauzande opindikapindika otuluka pamfundo ya chitenje. Njira imeneyi, imene bungwe la CARE linaiyambitsa ku Niger mu 1991, ilibe mlendo wolemekezeka, ilibe tenti, ilibe ngakhale mwala wa maziko, chinthu chimene ine monga katswiri ndimachiona ngati kusalemekeza mwambo. Koma Disembala akafika amayi aja amagawana, wina n'kugula feteleza, wina mbuzi, wina kulipira fizi, pamene ine ndi moto wanga wonse ndikukonza zolankhula za chaka chatsopano. Amayiwa si angelo. Nawonso amadzuka mtima usakufuna, nawonso amalakalaka chitenje chatsopano pamsika. Chimene anatiposa n'chakuti sanasiye chisankho m'manja mwa mtima wa tsikulo. Anachipereka kwa tsiku la Lachinayi, kwa mlembi, ndi kwa manyazi.

Ku Mulanje kuli umboni wina umene umandichititsa manyazi kwambiri. Mu 2017 akatswiri a zachuma, Lasse Brune, Eric Chyn ndi Jason Kerwin, anagwirizana ndi esiteti ya tiyi ya Lujeri kuti afunse antchito funso looneka lopusa: kodi mungalole kuti gawo la malipiro anu lizitsala ku ofesi kwa miyezi itatu, mudzalandire pamodzi kumapeto, popanda chiwongoladzanja ngakhale tambala? Munthu wa masamu akanati palibe angavomere. Koma pafupifupi theka la antchitowo linavomera, ndipo patapita zaka ziwiri ofufuzawo anapeza kuti amene anali m'ndondomekoyi anali atakonza nyumba zawo, ena n'kufolera ndi malata. Taganizirani bwino zimene wothyola tiyi uja anachita. Sanapite ku semina ya kunyanja kukaphunzira kukonda tsogolo. Anangodziwa kuti iye wa tsiku la malipiro ndi munthu wosadalirika, wokhala ndi abale ambiri, ngongole pagolosale ndi ludzu, ndiye anamumanga manja tsiku limene mutu unali wozizira. Anasankha kamodzi kokha, ndipo masabata otsatirawo ntchito inkayenda iye atatopa, atakwiya, ngakhale ataiwala. M'boma langa zimenezi sizingatheke, chifukwa pulezidenti, nduna ya zachuma, msungichuma ndi wakuba ndi munthu mmodzi, ndipo makiyi onse atatu ali m'thumba limodzi la buluku.

Pano wina aimika dzanja, ndipo ndikumuona, ndi bambo wa kumbuyo uyo amene wakwiya kuyambira ndime yoyamba. Akuti zonsezi n'zokoma pakamwa, koma kodi munthu angalimbikire bwanji m'dziko limene ndalama imasungunuka ngati mchere m'madzi? Bamboyu sakunama. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 usiku umodzi. Mu 2024 mitengo ya zinthu inkakwera pafupifupi 30 peresenti pachaka. Amene anasunga mokhulupirika pansi pa matiresi anadzuka atabedwa chitseko chili chokhoma, ndipo ife osasunga tinayenda modzitukumula sabata yonse ngati anthu amene anaona patali. Ndikuvomera kuti apa pali bala lenileni, ndipo aliyense wouza wosauka kuti umphawi wake ndi ulesi ayambe wayankha za 44 peresenti ija. Koma kugwa kwa kwacha kukutiphunzitsa za chinthu choyenera kusungamo thukuta, sikukutimasula ku kusunga. N'chifukwa chake mumaona malata atatu atatsamira khoma kuchipinda, matumba a chimanga pamwamba pa njerwa, nkhumba m'khola, uvuni wa njerwa kuseri kwa nyumba. Lata limodzi pamwezi silimva za ku Reserve Bank. Komanso, bambo inu, tiuzane zoona ngati amuna: kwacha inagwa kawiri, koma nsapato zothamangira zili pansi pa bedi chaka chachisanu ndi chimodzi. Kuzungulira bwalo sikulipiridwa m'madola.

Wina, wophunzira kwambiri, akuti ndikupeputsa moto, chonsecho anthu amene anachita zazikulu anali oyaka mumtima. Atchula Legson Kayira, mnyamata wa kumpoto amene mu 1958 ananyamuka wapansi kufuna maphunziro ku America, n'kudutsa Tanganyika ndi Uganda mpaka kufika ku Khartoum patatha zaka ziwiri, kenako n'kukaphunziradi ku Skagit Valley College ndi ku Cambridge. Sindikutsutsa kuti motowo unalipo, ndipo popanda iwo sakanatuluka pakhomo pa amayi ake. Moto uli ndi ntchito yake, ndiwo umasankha kolowera. Koma ulendo wa zaka ziwiri uli ndi masiku oposa 700, ndipo sindikhulupirira kuti m'mawa uliwonse mwa masiku amenewo munthu wotupa mapazi, wogona ndi njala, woima m'njira kugwira ganyu, ankadzuka akuimba. Ambiri mwa masiku amenewo ayenera kuti anali Lachiwiri wamba, tsiku lopanda ng'oma, limene ntchito yake inali kufika mudzi wotsatira basi. Tikamakamba nkhani za anthu otere timakonda tsiku lonyamuka ndi tsiku lofika, chifukwa ndi masiku a mwambo. Zapakatizo timadumpha, n'chifukwa chake timaganiza kuti ulendo wonse unali chikondwerero. Ndikanakhala ine, pamalire a Songwe pakanakhala kachipilala kokongola kolembedwa kuti ulendo wa ku America unakhazikitsidwa pano, ndipo mwini wake akanapezeka kunyumba akudya nsima.

Chitsutso chimene chimandivuta kwenikweni ndi chachitatu, ndipo chimachokera mumtima mwanga momwe. Kugogoda pakhomo kuli ndi nkhanza zake. Tonse tamvapo za gulu limene linakazula chitseko kapena kunyamula ndowa ndi mbuzi za mayi wolephera kubweza, za msungichuma amene anasowa ndi bokosi mu Novembala, za chiwongoladzanja chimene chimasiyana ndi katapila dzina lokha. Manyazi ndi mankhwala owawa, ndipo akachuluka amapha wodwala. Izi ndi zoona, ndipo yankho lake ndi kuchepetsa muyeso. Sheya ikhale imene ungathe kuponya ngakhale mwezi wa njala, wogogodayo akhale munthu wokufunira zabwino, ndipo chindapusa chikhale chowawa pang'ono ngati tsabola, osati chogulitsa munda. Vuto ndi lakuti muyeso waung'ono umanyozetsa munthu wa udindo ngati ine. Kodi pulezidenti wathunthu angaitane atolankhani kuti lero wayenda mphindi khumi, wawerenga mavesi asanu, wasunga K2,000? Amayi angavine bwanji pa njerwa imodzi? Apa ndi pamene pagona matenda athu, a ine ndi a boma lalikulu lomwe. Timakonda doko kuposa ngalande, yunivesite kuposa choko, chifukwa zazing'ono zilibe kansalu kovundukula. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo, koma sanatiuze kuti wotola nkhuni imodziimodzi saoneka pa wailesi yakanema.

Ndiye pakhale chinthu chimodzi chimene ndinene osaseka. M'masomphenya a 2063 muli mawu akuti tisinthe kaganizidwe, ndipo mawuwa amalankhulidwa kawirikawiri kuchokera pansanja kupita kwa anthu okhala padzuwa. Ine ndikuti alunjika kolakwika. Mlimi amene amapalira, kubandira ndi kuthira feteleza wogula mtengo wa magazi, osadziwa ngati mvula idula mu Febuluwale, safunika phunziro la kupirira. Anthu oposa 900,000 m'dziko muno amamwa ma ARV tsiku lililonse, mtima ufune usafune, ndipo chiyambireni kuperekedwa kwaulere mu 2004 ndondomekoyi yakhala ikudalira zinthu zomwe zija zosasangalatsa, tsiku lodziwika la kuchipatala, kabuku, ndi wachibale wokumbutsa. Amenewa ndiwo akatswiri a kusajomba, ndipo palibe amawaitana ku hotela kuti akaphunzitse. Amene amajomba ndi amene alibe wowagogodera, amene angalonjeze msewu, kuvundukula kansalu, n'kubweranso patapita zaka zisanu kudzalonjeza msewu womwewo osaponya chindapusa m'mbale. Vuto lawo silinakhalepo kuchepa kwa changu. Makiyi onse atatu ali m'thumba mwawo.

Kunena zoona, mfundo imeneyi yandigwira mtima moti boma langa laganiza zochitapo kanthu. Nduna zonse zagwirizana kuti kuyambira tsopano sitiikanso mwala wa maziko, tizingogwira ntchito mwakachetechete, pang'onopang'ono, ndipo kiyi mmodzi aperekedwa kwa mtsogoleri wa mbali yotsutsa, ngakhale akatswiri a zachitetezo achenjeza kuti mayiyu akagwira kiyi sabweza. Ndondomeko yatsopanoyi taipatsa dzina lakuti Ine 2063, chaka chimene, Mulungu akalola, ndidzakhale nditapuma kalekale ndipo wofunsidwa mafunso adzakhala wina. Chatsala ndi kuikhazikitsa mwalamulo, chifukwa ndondomeko yaikulu chonchi, yothetsa miyambo yonse, singangoyamba Lachiwiri wamba ngati ganyu. Pafunika kamwambo kochepa, tenti imodzi, mipando makumi awiri, ndi kachipilala kakang'ono kolembapo kuti pano ndi pamene tinasiyira kuika miyala. Komiti yokonza yapita kale kukafunsa mtengo wa simenti, ndipo yabwera ndi malangizo akuti tidikire itsike.